Chinkhwe chimakongola chili mumtengo

Kunali kusanache bwino pamene tinaima pafupi ndi damu la Lifupa, m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu. Anzanga ankadikira njovu. Ine ndinamva kulira kwakuthwa mumtengo wa mkuyu, basi n'kutulutsa foni.

Zinali zinkhwe ziwiri za mtundu womwe akatswiri amautcha Meyer's parrot: msana woderako, mimba yobiriwira ndi kachikasu pamapewa. Chimodzi chinathyola nkhuyu, n'kuigwira ndi phazi ngati mwana wagwira chitumbuwa, chikudya uku chikundiyang'ana ndi diso limodzi. Chinzakecho chinali chamanyazi. Ndikangosuntha pang'ono, icho chabisala kuseri kwa nthambi. Mtundu umodzi, koma chilichonse ndi khalidwe lake.

Pa zithunzi zonse zomwe ndinajambula m'mawawo, chooneka bwino chinali chimodzi chokha. Akuluakulu sananame, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambirife tikamva za chinkhwe timangoti ndi mbalame yobwereza mawu a anthu. Koma Irene Pepperberg, katswiri wa ku America, anaonetsa kuti m'kamutu kameneka muli nzeru. Kuyambira mu 1977 mpaka 2007 anachita kafukufuku pa chinkhwe cha mtundu wa African grey chotchedwa Alex. Chinkadziwa mawu oposa 100, chinkasiyanitsa mitundu ndi maonekedwe a zinthu, ndipo chinkatha kuwerenga zinthu zochepa.

Nzeru zomwezi ndi zimene zaika mbalamezi m'mavuto, chifukwa aliyense amafuna chake cha m'khola. Mu 2016, pamsonkhano wa CITES ku Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa mayiko a African grey wogwidwa m'tchire.

Kuno ku Kasungu vuto lina lalikulu ndi mitengo. Chinkhwe sichimanga chisa ndi udzu ngati mpheta. Chimaswera m'mphako, ndipo mphako imapezeka mumtengo waukulu, wokalamba. Tsono tonse tikudziwa chomwe fodya amafuna: nkhuni za m'mabani, mphanda ndi mikangala ya m'zigafa. Palibe chifukwa chonyozera mlimi, pajatu ambirife fizi yathu inachokera m'mabelo omwewo. Koma bulugama wobzala chaka chatha alibe mphako. Mtengo wakale ukagwa, banja la zinkhwe lasowa pokhala.

Apa ndi pomwe foni yanu ingathandize. Lawirirani m'mamawa, kapena mupite dzuwa litapendeka. Pezani mtengo wa zipatso, mukhale pansi, foni ili pa silent. Osakoka zoom mpaka kumapeto, chithunzi chimaphwanyika. Ngati pali magalasi oonera patali, gunditsani kamera ya foni pagalasipo. Kajambuleniko kavidiyo, chifukwa khalidwe la mbalame limaoneka ikamayenda. Mukakhala m'paki, musatalikirane ndi wokuperekezani. Njovu ziliko zambiri, makamaka chibwerereni zina 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022.

Chachikulu n'chakuti mukapeza mphako ya ana, musalembe malo ake pa Facebook kapena TikTok. Si onse okanikiza like omwe ali ndi mtima wabwino. Ndipo wina akakutsatsani chinkhwe m'kabokosi, musagule, ngakhale chikumvetseni chisoni. Mukagula lero, mawa akakweranso mtengo womwewo.

Chithunzi changa chija ndinawaonetsa agogo kumudzi. Anachiyang'anitsitsa, kenako anati: "Izi zinkatithera mapira kale. Kodi zikadalipo?"

Zikadalipo, agogo. Koma mitengo yake ndi imene ikutha.