Funso Limene Lingathe Kupulumutsa Moyo

Kumene mtsinje wa Wovwe umatsikira kuchokera ku mapiri a Nyika kulinga kunyanja, m'boma la Karonga, kuli alimi ambiri a mpunga. Mlimi wa kumeneko akadwala amalaŵirira m'mamaŵa kupita ku chipatala chaching'ono chapafupi kapena ku Chilumba. Pamaso pa dokotala amanena kuti mutu ukuŵaŵa, thupi likuphwanya ndipo tulo sakuona. Amamuyeza malungo koma osawapeza, amalandira mankhwala nabwerera kumudzi. Nthaŵi zina nthenda yeniyeni amabwerera nayo osaitchula. Mwina ngongole ya feteleza yamukulira, mwina banja lagwedezeka, ndipo mumtima wayamba kulingalira zochotsa moyo wake.

Nkhani imeneyi si ya ku Wovwe kokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, likuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse. Kafukufuku wa ku Ulaya ndi ku America anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu otere anakaonana ndi dokotala m'mwezi wotsiriza wa moyo wao. M'Malaŵi muno, kafukufuku wa pa chipatala cha Matawale ku Zomba, amene anasindikizidwa mu 2014, anapeza kuti odwala atatu mwa khumi aliwonse anali ndi nthenda ya kuvutika maganizo, koma nthendayo sinkazindikirika poŵapima. Nthenda imeneyi ndiyo kaŵirikaŵiri imabala maganizo ofuna kudzipha.

Nanga nchifukwa chiyani imabisika? Choyamba, kuvutika maganizo kumaonekera m'thupi, ndipo wodwala amatchula chimene akuchimva. Chachiŵiri ndi manyazi. Amuna analeredwa ndi mau akuti mwamuna salira, ndipo ambiri amaopa kutchedwa amisala. Chachitatu, mzere wa odwala umakhala wautali, kotero kuti dokotala amakhala ndi mphindi zoŵerengeka pa munthu aliyense.

Mankhwala oyamba ndi funso. Ena amakhulupirira kuti kufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha ndiko kumupatsa nzeru yoipa, koma akatswiri anapeza kuti sizili choncho. Wofunsidwa mwaulemu, paseri, amapepukidwa mumtima poona kuti alipo womumvera. Nchifukwa chake bungwe la WHO, kudzera mu ndondomeko ya mhGAP imene inayamba mu 2008, limalangiza madokotala ndi anamwino a zipatala zazing'ono kufunsa funsoli mosazungulira.

Achibale naonso ali ndi gawo lao. Munthu akasiya kupita kumunda, akayamba kudzipatula, kumwa moŵa mopitirira muyeso, kugaŵa katundu wake kapena kunena kuti palibe chimene akukhalira ndi moyo, zimenezi si nthabwala. Asadzudzulidwe, ndipo asasiyidwe yekha. Mankhwala ophera tizilombo m'munda atsekeredwe pamalo pamene iye sangafike, pakuti maganizo ameneŵa amakula msanga koma amathanso kuzirala, ndipo amene wadutsa ola loŵaŵitsalo kaŵirikaŵiri amakhala ndi moyo. Kenaka mmodzi wa abale amuperekeze ku chipatala tsiku lomwelo, nakafotokoze zonse poyera.

Kuvutika maganizo ndi nthenda yochizika, monga momwe ziliri nthenda zina. Uphungu ulipo, mankhwala aliponso. Amene vuto lake ndi lalikulu amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Karonga, ndipo kuchokera kumeneko angathe kupita ku chipatala cha St John of God ku Mzuzu.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Wodwala amene wabwera kachitatu ndi mutu womwewo afunsidwe za m'thupi, afunsidwenso za mumtima. Ndipo iye amene wasenza maganizo otere adziŵe kuti kuŵatchula pamaso pa dokotala si chinthu chochititsa manyazi, koma ndiko kuyamba kwa kuchira.