Chimene chimawotcha kanema magetsi akabwera

Ku Falls, m'dera la Area 1 mumzinda wa Lilongwe, magetsi akathima madzulo anthu amatulutsa mipando pakhonde n'kumadikira. Akabwera, oyamba kulengeza amakhala ana, ndipo mfuwu wa "ayaka!" umamveka nyumba ndi nyumba. Aliyense amathamangira rimoti. Komatu amisiri okonza mawailesi amaidziwa bwino mphindi imeneyi, chifukwa makanema, madikoda ndi masabuwufa ambiri amene amafika pa tebulo lawo amakhala kuti anapsa pa nthawi yoteroyo.

Magetsi a m'nyumba zathu amayenera kukhala pa mavoliti 230. Akangobwera kumene, mafiriji, magiza, mapampu ndi zigayo za dera lonse zimakoka mphamvu nthawi imodzi, choncho magetsi amayamba akwera n'kutsika asanakhazikike. Ayironi sizimva kanthu. Kanema wamakono, yemwe m'kati mwake muli tizipangizo tating'ono ngati njere za mpunga, sapirira. Mmisiri akatsegula kuseri amapeza bolodi ya pawa itada mbali imodzi, makapasita atatupa pamutu, fungo la pulasitiki wopsa likadali momwemo.

Vutoli linakula pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januware 2022. Kampani ya EGENCO inataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ESCOM inkagawa magetsi mosinthanasinthana mpaka makinawo atakonzedwa mu 2023. Kuthima kulikonse kumatanthauza kubweranso, ndipo kubwera kulikonse kumadya moyo wa chipangizo pang'onopang'ono.

Pali china choopsa kuposa pamenepo, chomwe ambiri sachidziwa. Kuchokera pa thiransifoma pamatuluka mawaya atatu amoyo ndi wachinayi wotchedwa nyutulo, amene amachititsa kuti nyumba iliyonse ilandire mlingo wake. Mbava zofuna kopa zikadula waya ameneyu, kapena akamasuka chifukwa cha dzimbiri, nyumba zina zimalandira magetsi oyandikira mavoliti 400 pamene zina zikulandira ochepa. Chizindikiro chake n'chosabisika: mababu amawala modabwitsa, kwa aneba akungophethira. Zikatero munthu asataye nthawi n'kuzula mapulagi limodzilimodzi. Athamangire pa meni switchi, azimitse nyumba yonse, kenako adziwitse a ESCOM.

Nanga ekisitenshoni ija ya timabowo tisanu, yoyaka kagetsi kofiira, imene imagulidwa mumsewu wa Malangalanga kapena mumsika waukulu wa Old Town? Apa m'pamene anthu ambiri amanamizika. Zambiri mwa izo ndi waya chabe wogawa magetsi, ndipo kagetsi kofiirako kamangosonyeza kuti magetsi alipo. Zoteteza zenizeni zili m'mitundu iwiri, ndipo ntchito zake n'zosiyana. TV guard amayeza magetsi: akakwera kapena kutsika mopyola muyeso amadula, ndipo akabwerera amayamba wadikira kaye asanalole kanema kuyaka. Surge protector amalimbana ndi kulumpha kwa magetsi kwa kanthawi kochepa zedi, kosakwana kuphethira kwa diso. M'kati mwake muli kambale kakang'ono kamene kamapatutsa mphamvu yoonjezerayo, ndipo kamatha mphamvu nthawi iliyonse kakagwira ntchito. Choncho choteteza chimene chatha zaka zambiri kuseri kwa kabati chikhoza kukhala chinafa kalekale mwini wake osadziwa. Nyumba imene ili ndi kanema wodula ikufunika zonse ziwiri, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa wa bolodi yatsopano.

Surge protector amadaliranso waya wa eti, amene amalowa pansi kudzera pa chitsulo chokhomedwa panja. Mapulagi athu a mano atatu ali ndi dzino lalitali pamwamba pa chifukwa chimenechi. N'zomvetsa chisoni kuona dzinoli litathyoledwa, kapena mawaya osenda atalowetsedwa m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, m'nyumba momwe ana amakwawa. M'nyumba zakale, makamaka zimene zinaonjezeredwa zipinda za lendi kuseri, waya wa eti nthawi zina amakhala kuti anaduka kale. Ngati dikoda ikugwira munthu akaikhudza, ndiye kuti pakufunika mmisiri wa chiphaso cha bungwe la MERA adzayeze, osati mnyamata wodziwa kulumikiza mababu.

Fyuzi ya m'pulagi nayo si yolowetsapo msomali kapena pepala lonyezimira ikapsa. Yaikulu ndi ya maampu 13, yomwe imanyamula mawati pafupifupi 3,000. Ketulo yokha imatha kufika pafupi pamenepo, ndiye m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, hita ndi ketulo zikakumana pa ekisitenshoni ya kanema, waya akhoza kutentha mpaka kusungunuka.

Mvula ikayamba mu Novembala, mphezi imabwera ndi njira yakeyake. Siidikira soketi. Eriyo ya GOtv kapena Kiliye Kiliye yomangidwa pansonga ya nsungwi, ngakhalenso dishi ya DStv kapena Azam padenga, ili ndi chingwe chake cholowa m'dikoda, ndipo kuchoka apo mphamvuyo imadutsa pa HDMI kukafika mu kanema. N'chifukwa chake ena amadabwa kuti anazimitsa pakhoma koma zinthu zapsabe. Palibe choteteza cha pasoketi chimene chingaimitse mphezi yogwa pafupi. Kumwamba kukayamba kugunda chapatali, pulagi izulidwe pamodzi ndi chingwe cha eriyo, ndipo zichitike mvula isanafike pamutu, popeza kugwira chingwecho ziphaliwali zili m'kati n'kuika moyo pachiswe.

Amene ali ndi jenereta kapena inveta akumbukirenso amisiri okwera mapolo. Jenereta yolumikizidwa ku nyumba popanda switchi yosinthira imabweza magetsi ku mawaya a mumsewu, ndipo ikhoza kupha munthu amene akukonza laini poganiza kuti ndi yozimitsa.