Osayembekeza Nchito Kuti Mukaone Aticha Anu

Mtsikana uyu mumudziwa. Mwina munakhala naye mpando umodzi m'minibasi yochokera ku Matero, mwinanso ndinu nomwe. Anamaliza Giredi 12 pasukulu ina ya sekondale ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, n'kubwera kukoleji ku Lusaka. Chaka chatha anavala gauni, zithunzi zinayenda pa Facebook. Nchito ndiye kulibe. Manje akhala m'kabuthi ka mobile money, kusunga ndalama za eni ake.

Kwa miyezi yambiri anali kukamba kuti, "Ndikapeza nchito, ndidzapita kukaona a Madam anga a Biology." Ambiri timatero. Tifuna tikafike pageti ya sukulu ndi suti komanso makiyi a motoka m'manja. Zaka zipita, ndipo tsiku lina mungomva kuti aticha aja anawasamutsa, anapuma pa nchito, kapena anatisiya.

Ku Mambwe nkhani imeneyi si yoseweretsa. Mphunzitsi wa kuchigwa cha Luangwa aphunzitsa m'kalasi yotentha ngati uvuni mu October, pamene kutentha kupitirira madigiri 40. Ana ena afika mochedwa chifukwa njovu zochokera ku South Luangwa National Park zinatseka njira. Mvula ikayamba, misewu ya kumidzi yakutali ikhala matope okhaokha. Boma lipereka ndalama yapadera kwa ogwira nchito kumidzi, koma ambiri apemphabe kusamukira kutauni. Amene munawasiya m'staff room lero, zaka ziwiri zikubwerazi mwina simudzawapezamo.

Ndipo chimene ambiri sadziwa ndi ichi: aticha kambiri saona mathero a nchito yawo. Mayeso a ECZ akatuluka, iwo aona chabe mayina ndi mapointi papepala. Mwanayo anapita kuti, anamaliza kapena anasiyira panjira, palibe owauza. Inu mukaonekera pakhomo, mwawayankha funso limene akhala nalo zaka.

Palinso ana amene atsala m'kalasi. Kuchokera mu January 2022, pamene boma linachotsa ndalama za sukulu mpaka Giredi 12, makalasi adzaza. Koma mwana wa kwa mfumu Mnkhanya kapena kwa Nsefu akakhoza bwino, funso likhala lakuti, manje nichite chani? Inu mwapitamo kale. Mudziwa kuti HELSB ipereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesiti a boma ngati UNZA, ndipo kuti ngongoleyo ibwezedwa. Mudziwa kuti mu CDF muli mabasare a maphunziro a luso la manja, ndipo kuti pempho lipitira ku komiti ya chitukuko ya m'wadi. Mudziwa kuti NRC itengedwa munthu akakwanitsa zaka 16, osati kuthamanga nayo tsiku lotseka mafomu. Kwa inu izi ndi nkhani zakale. Kwa mwana wa Giredi 11 zingasinthe moyo wonse, ndipo azimva bwino kwa munthu wolankhula Chikunda ngati iye, amene anakhalapo padesiki lomwelo.

Mukaganiza zopita, sankhani nthawi. Temu yachiwiri, pakati pa May ndi July, ndiyo yabwino: kwazizira, misewu yauma, ndipo mayeso akuluakulu sanayambe. Mu April, August ndi December mupeza sukulu yotseka. Yambani mwatuma uthenga. Mukafika, osathamangira kukalasi ngati mukali mwana wa pasukulupo. Pitani ku ofesi ya a hedi kapena achiwiri awo, mudzidziwitse. Za mphatso osadandaula maningi. Chitenge chimodzi, paketi ya shuga, kapena mabuku anu akale amene angogona m'katoni, zakwana.

Mtsikana wathu uja anapita mu June. Anakwera basi ku Intercity kukali mdima, n'kuyenda mu Great East Road kudutsa Luangwa Bridge, Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata, kenaka kutsikira kuchigwa kudzera kwa Jumbe. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 700, tsiku lathunthu pampando. Njira yonse anali kukonza bodza lokamba akamufunsa za nchito.

M'mawa mwake anaima pakhomo la staff room. "Odi, a Madam."

Mayi aja anamuyang'ana, n'kumutchula dzina lonse ngati aitana rejista. "Mwana wanga, ndiwe? Lowani, khalani apa."

Anaona kuti "iwe" wasanduka "inu", ndipo mpando umene anamupatsa unali wa aphunzitsi. Bodza lija linathawa lokha.

"A Madam, nchito sindinaipeze. Ndili m'kabuthi chabe."

"Nanga dipuloma munamaliza?"

"Ee, ndinamaliza."

"Basi tiyeni ku 12B, mukawauze mmene munachitira. Ine ndikakamba aona monga ni nthano."

Anakamba nawo piriyodi yonse. Atsikana atatu anamutsatira mpaka pageti, afunsa za mafomu ndi mtengo wa boarding house ku Lusaka. Lolemba lotsatira anali m'kabuthi kake monga mwa masiku onse, koma foni inali kulira ndi mafunso ochokera ku Mfuwe.

Nambala ya aticha anu mwina ikali m'gulu la WhatsApp la kalasi yanu. Ifuneni lero muli m'basi momwemo.