Nsomba ikayamba kusambira chagada

Aliyense amene anatumbulapo chambo amakadziwa kathumba koyera, kopyapyala, kamene kamakhala pamwamba pa matumbo moyandikana ndi msana. Ambiri timangokataya. Komatu kathumba ka mpweya kameneka ndi kamene kamathandiza nsomba kuima pakati pa madzi, osamira komanso osayandama. Kakasokonezeka, nsomba imene mumaweta m'thanki yagalasi pabalaza imayamba kuzunzika mukuona: ina imayandama chagada, ina imapendekera mbali imodzi, ina imangokhala pansi ndipo ikayesa kukwera imabwereranso komweko.

Oweta ambiri akaona zimenezi amathamangira kuthira mankhwala. Apa m'pamene pamalakwika. Kusambira kotereku si matenda paokha, ndi chizindikiro chabe, ndipo kawirikawiri gwero lake limakhala chakudya kapena madzi.

Nsomba sizidzaza kathumbaka mofanana. Za mtundu wa goldfish ndi koi zili ndi kanjira kochoka kummero kukafika m'kathumbamo, choncho zimatha kumeza mpweya pamwamba pa madzi. Mbuna, chambo ndi anzake alibe kanjirako, mpweya umalowa ndi kutuluka kudzera m'magazi, pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ogwira mbuna zotumiza kunja m'nyanja ya Malawi sazitulutsa mwamsanga akazigwira pakuya. Mpweya wa m'kathumba umafufuma kuwirikiza kawiri nsomba ikachoka pa mamita 10 kufika pamwamba, ndipo kathumbako kakhoza kuwonongeka.

Koma m'nyumba, zimene zimavutika kwambiri ndi goldfish zathupi lobulungira monga oranda, ryukin ndi fantail. Anthu anazisankha kwa mibadwo yambiri chifukwa cha kukongola, mpaka thupi linafupika, ziwalo zam'kati n'kupanikizana. Komanso goldfish ilibe chifu chenicheni, chakudya chimangodutsa m'matumbo aatali. Ikadya mopitirira, makamaka chakudya chouma choyandama chimene imameza limodzi ndi mpweya, matumbo amadzaza n'kukankha kathumba kaja. Madzi akazizira, monga zimakhalira mu Juni ndi Julaye ku Dedza kapena ku Mzuzu, chakudya chimachedwa kugayika ndipo nsomba imadzimbidwa.

Choyamba yezani madzi. Zotsala za chakudya ndi chimbudzi cha nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. Iyeyu pamodzi ndi poizoni wina wotchedwa naitiraiti ayenera kukhala pa 0. Magetsi akazima kwa maola ambiri, makina osefa madzi amaima ndipo poizoniyu amakwera msanga. Chotsani gawo limodzi mwa magawo 4 a madziwo, muthiremo ena otentha mofanana ndi akalewo. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, ndiye muyambe mwawathira mankhwala ochotsa klorini. Musakhuthule thanki yonse nthawi imodzi. Nsomba yofooka kale singapirire kusintha kwadzidzidzi.

Kenako isiyeni osadya masiku 2 kapena 3. Izi zimavuta mtima, makamaka ana akamaiona ikutsegula kamwa, koma nsomba yaikulu siifa ndi njala ya masiku ochepa chonchi. Masikuwo akatha, wiritsani nsawawa zopanda mchere, chotsani kakhungu, phwanyani, muipatse pang'ono. Nsawawa zimathandiza kuti m'matumbo muyende. Ngati ikulephera kuzifikira, ipatseni ndi zala zosamba bwino, zopanda sopo kapena mafuta odzola. Ikachira, yambani kuipatsa chakudya chomira, kapena muziviika choumacho musanaponye, ndipo chizikhala choti ingamalize m'mphindi 2.

Pamene ikudwala, ndi bwino kuipatula kuti zinzake zisamaijomphe, ndi kuchepetsa madzi kuti isamavutike kukwera. Yang'anirani mbali imene yatulukira kunja kwa madzi, chifukwa imauma n'kuchita zilonda. Yogona pansi nayo imanyuka ndi miyala, choncho pansi pakhale posalala.

Tisanamizane, nsawawa si mankhwala a zonse. Zimathandiza pamene vuto ndi kudzimbidwa basi. Ngati papita sabata osasintha, kapena nsomba yasiyiratu kudya, yatupa, mamba aimirira, maso atong'oka kapena pathupi pali mikwingwirima yofiira, nkhani yakula. Pangakhale mabakiteriya, mazira okanirira, chotupa kapena vuto la impso. Kwa mbuna, kutupa mimba limodzi ndi chimbudzi choyera ngati ulusi ndi matenda amene oweta padziko lonse anawatcha Malawi bloat. Mbuna zambiri zimadya ndere za pamiyala, ndipo zikamapatsidwa chakudya chanyama chochuluka, matumbo ake akhoza kudwala. Matendawa amapha m'masiku ochepa, ndipo mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi metronidazole, pa mlingo umene angakuuzeni dokotala wa ziweto.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikuletsa ndi mtima wonse. Musatsegule makapisozi a anthu n'kuthira m'thanki mongoganizira. Akhoza kupha mabakiteriya abwino a m'makina osefa madzi, madzi n'kuipiratu. Musabayenso mimba ya nsomba ndi singano poti mutulutse mpweya. Madokotala amachita zimenezi atajambula nsombayo ndi kuigoneka ndi mankhwala, osati ndi singano yosokera.

Nsomba zina, makamaka zobadwa ndi kathumba kopunduka, sizichira. Ngati ikudya ndipo ilibe zilonda, ikhoza kukhala ndi moyo nthawi yaitali mukamaisamala. Ikamavutika kosalekeza, funsani dokotala wa ziweto kapena mlangizi wa zansomba njira yoipumitsira popanda ululu. Chonde, musakaitaye yamoyo mumtsinje, m'damu kapena m'nyanja: ikhoza kupatsira matenda nsomba zathu zachilengedwe, zimene zambiri mwa izo sizipezeka kwina kulikonse padziko lapansi.