Kompyuta ikakana pulogalamu ya kwawo komwe

Kuyambira pa 14 February 2016, anthu ambiri okhala ndi makompyuta a Mac anayamba kuona malodza. Pulogalamu ya OS X El Capitan, imene anaitsitsa okha kuchokera ku Apple n'kuisunga pa flashi, inayamba kukanidwa ndi makompyuta a Apple omwewo. Munthu ankakhala chete kudikira, kamzere ka pa sikirini kakukwawa pang'onopang'ono, kenako pankatulukira uthenga wa Chingerezi wonena kuti pulogalamuyo singatsimikiziridwe, mwina inawonongeka kapena wina anaisokoneza poitsitsa. Komatu fayiloyo inali yabwinobwino, ndipo dzulo lake inkagwira ntchito. Chinatha ndi satifiketi ya Apple yochitira umboni siginecha ya pa fayiloyo. Tsiku lake lothera ntchito linali lomwelo la 14 February.

Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, kaya ndi macOS, Windows kapena Linux, ndiyo nyakwawa m'makinamo. Imaona fayilo iliyonse, mawu achinsinsi onse, kamera ndi maikolofoni. N'chifukwa chake yatsopano siilowa chilowelowe m'malo mwa yakale, imayamba yafufuzidwa kaye.

Kufufuzako kumayambira pa funso lakuti fayilo yafika yathunthu kapena ayi. Pali masamu otchedwa SHA-256, amene bungwe la NIST la ku America linawafalitsa mu 2001. Masamuwa amameza fayilo yonse, ngakhale ya magigabayiti 6 ngati ya El Capitan, n'kulavula mzere umodzi wa zilembo ndi manambala 64. Mzerewu uli ngati chidindo cha chala. Kachidutswa kamodzi kokha kakasintha m'fayilomo, mzere wonse umasinthiratu, osafanananso n'komwe ndi woyamba uja.

Koma chidindo cha chala chimangonena kuti fayilo ndi yomweyo, sichitchula mwini wake. Ntchito imeneyo ndi ya siginecha. Kampani imakhala ndi makiyi awiri a masamu, wina wobisa ndi wina wapoyera. Imasayina ndi wobisayo, ndipo kompyuta iliyonse imayesa siginechayo ndi wapoyera. Njira yotchuka yochitira zimenezi, ya RSA, anaikonza Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman ku MIT mu 1977. Kiyi wapoyerayo amayenda ndi satifiketi yonena mwini wake, tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Imafanana ndi laisensi yoyendetsera galimoto. Dalaivala ndi yemweyo, luso lake silinachoke, koma tsiku likangodutsa wapolisi wa pamsewu safuna kumva zambiri.

Vuto ndi lakuti uthenga wa pa sikirini umaika zonsezi mumphika umodzi. Fayilo yoduka, wotchi yosokonekera, satifiketi yotha, fayilo yothiridwa chiphe ndi mbava, zonse zimatuluka ndi mawu ofanana. Kunena zoona uthengawu unalembedwa mwaulesi, ndipo wawonongetsa anthu ndalama zambiri za bandulo. Munthu akawerenga kuti fayilo yawonongeka amathamangira kuitsitsanso, n'kuthera usiku wonse ndi magigabayiti ochuluka, m'mawa n'kupeza uthenga womwe uja ukumudikira.

Wokonza makompyuta wodziwa ntchito yake amayamba ndi wotchi, chifukwa kuiyang'ana sikudya tambala. M'makompyuta ambiri a padesiki muli kabatire kozungulira ngati khobidi, ka CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazimitsidwa. Kabatireka kakafa, kapena laputopu ikakhalitsa m'katoni batire ili gwa, wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Mac yakale imatha kudzuka ikukhulupirira kuti ili m'chaka cha 2001. Ikalandira satifiketi yolembedwa mu 2019, imaona chikalata chochokera m'tsogolo, n'kuchikana. Makompyuta a kaunjika amene amadzaza m'mashopu a ku Limbe ndi ku Lilongwe amafika atayenda ulendo wautali, choncho matendawa si achilendo pa tebulo la wokonza.

Pa Mac, kompyuta ikayatsidwa kuchokera pa flashi, pamwamba pa sikirini pamakhala mndandanda wa Utilities, ndipo m'menemo muli Terminal. Wokonza amalemba mawu amodzi akuti date, n'kudina Enter. Kompyuta imayankha tsiku limene ikuganiza kuti ndi lero. Likakhala lolakwika, amalembanso date, n'kutsatiza manambala khumi: awiri a mwezi, awiri a tsiku, awiri a ola, awiri a mphindi, awiri a chaka. Ntchito ya mphindi imodzi, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo.

Njira yomweyi ndi imene anthu anaitembenuza mu 2016. M'malo mokonza wotchi, ankainamiza dala. Kulemba date 0201120016 kumauza kompyuta kuti lero ndi 1 February 2016, 12 koloko masana, satifiketi isanathe. Chofunika ndi kuzimitsa Wi-Fi poyamba, apo ayi makina amafunsa nthawi pa intaneti n'kuulula bodzalo. Tsiku losankhidwalo liyeneranso kugwera pakati pa tsiku loyambira ndi lothera la satifiketiyo, chifukwa kubwerera m'mbuyo mopitirira kumabala vuto la kabatire lija. Pulogalamu ikalowa, wotchi imabwezedwa pa tsiku lenileni, popeza masamba a pa intaneti nawonso amayendera masatifiketi ndipo kompyuta yosadziwa chaka imawakana. Njirayi ndi yoyenera pokhapokha ngati mwini fayilo akudziwa kuti anaitenga yekha ku Apple. Siginecha imayesedwabe, changolambalalidwa ndi kalendala.

Zinachitikanso pa 24 October 2019. Ulendo uno mapulogalamu oikira Mojave, High Sierra ndi ena akale anayamba kunenedwa kuti ndi owonongeka. Apple inawasayinanso ndi satifiketi yofika mu 2029, n'kulangiza anthu kutsitsa atsopano. Amene ali ndi intaneti yodalirika, njira yoongoka ndi imeneyo.

Wotchi ikapezeka kuti ilibe mlandu, diso limapita pa fayilo. Magetsi akazima pakati pa dawunilodi, kapena bandulo ikatha kutangotsala pang'ono, fayilo imatha kutsala yoduka koma ili ndi dzina lake lonse ndi kachithunzi kake. Kukula kwake kumaulula zambiri: fayilo yoyenera kukhala magigabayiti 6 ikamaonetsa 4, mlandu watha. Kukula kukafanana, pamafunika chidindo cha chala chija. Pa Mac amalemba shasum -a 256 ndi dzina la fayilo, pa Linux sha256sum, pa Windows Get-FileHash mu PowerShell. Mzere wotulukawo amaufananitsa ndi umene eni pulogalamu anasindikiza. Ubuntu, Debian ndi Linux Mint amasindikiza mizereyi, ndipo Microsoft nayo imaionetsa pa tsamba lotsitsira Windows 11. Ikasiyana, fayiloyo ndi yotaya. Palibe mankhwala oichiritsa.

Nthawi zina fayilo ya pa kompyuta imakhala yabwino, yodwala ndi flashi. M'misika muli maflashi achinyengo, olembedwa 64 GB pamene m'kati mwake muli malo ochepa kwambiri. Flashi yotere imalandira chilichonse mosadandaula, koma malo enieni akadzaza, zotsalazo zimasowa kapena zimafufuta zoyamba. Mapulogalamu aang'ono monga H2testw ndi F3 amadzaza flashi yonse n'kuiwerenganso, ndipo chinyengo chimaonekera poyera. Palinso malire a FAT32, kalembedwe kakale kamene maflashi ambiri amabwera nako: sikalola fayilo imodzi kupitirira magigabayiti 4. Ngati fayilo ikumatuluka ndi mzere wosiyana ulendo uliwonse ikayesedwa pa kompyuta imodzi, ndiye kuti chodwala ndi RAM kapena disiki ya kompyutayo.

Ukalamba wa makina nawo uli ndi mbali yake. Mu February 2017 akatswiri a ku Google ndi a bungwe la CWI ku Amsterdam anaonetsa mafayilo awiri osiyana okhala ndi chidindo chimodzi cha SHA-1, masamu akale amene SHA-256 inadzalowa m'malo mwake. Mu 2019 Microsoft inasiya kusayina zokonzera Windows ndi SHA-1. Windows 7 yosalandira kachigamba ka KB4474419 inkalephera kuwerenga siginecha yatsopanoyo, n'kumakana mafayilo abwinobwino. Kachigambako kanayenera kulowa poyamba.

Pa iPhone nkhani ndi ina pang'ono. Foni ikatsitsa iOS yatsopano imapempha chilolezo kwa makompyuta a Apple, ndipo chilolezocho chimaperekedwa kwa foni imeneyo yokha. Intaneti ikadukiza pa nthawiyo, kutsimikiza kumalephera. Apple imasiyanso kuvomereza iOS yakale pakangopita nthawi pang'ono yatsopano itatuluka, choncho fayilo yogonera m'foni imatha kukanidwa. Apa kunamiza wotchi sikuthandiza. Fayiloyo amaichotsa mu iPhone Storage n'kutsitsa ina pa Wi-Fi yokhazikika.

Ndiye pali tsiku limene uthengawo umanena zoona. Pa 20 February 2016, patangotha masiku asanu ndi limodzi satifiketi ya Apple itatha, mbava zinathyola tsamba la Linux Mint n'kulozera anthu ku fayilo ina ya Linux Mint 17.3 Cinnamon, yosungidwa ku Bulgaria. Inkaoneka ngati yeniyeni ndipo inkagwira ntchito, koma m'kati mwake munali khomo lobisika lolowera mbavazo. Zinasinthanso mzere wa chidindo pa tsambalo kuti ufanane ndi fayilo yachinyengo. Mzere wotengedwa pa tsamba lomwe lathyoledwa uli ngati mboni yobwera ndi woimbidwa mlandu. Siginecha ndi imene mbava sizingaibe mwanjira imeneyi, pakuti kiyi wobisa sakhala pa tsamba. N'chifukwa chake Linux Mint imaika fayilo ya siginecha ya GPG pambali pa mndandanda wa mizere yake, kuti mndandandawo uyambe watsimikizidwa usanatsimikize china.

Mtsogoleri wa Linux Mint, Clement Lefebvre, analengeza za kuthyoledwako mosachedwa. Amene anatsitsa fayiloyo tsiku limenelo anawauza kuti aiwononge: DVD aitaye, flashi aifufute yonse. Amene anali ataiika kale anawalangiza kuchotsa kompyutayo pa intaneti, kusunga mafayilo awo pena, kuikanso pulogalamu yoyera kuyambira pachiyambi, ndi kusintha mawu achinsinsi, makamaka a imelo.