Njerwa ya Amayi Inasanduka Khaman

Mboni yoyamba anali galu wathu. Tsiku limene ndinayamba kuphika khaman, chakudya chachikasu cha ku Gujarat chimene chimapsa ndi nthunzi, ndinamuponyera chidutswa. Ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kukagona pansi pa mtengo wa mango. Sindimuimba mlandu. Chinthucho chinali chophwatalala ngati patapata wakutha, chouma kunja, chaphalaphala m'kati, pamwamba pali timadontho tofiira ngati chadwala chikuku. Ukachiluma, soda ankakanda kukhosi mpaka madzulo. Ana anachipatsa dzina lakuti njerwa ya amayi.

Kale zonse ndinkachita mwaphuma. Ufa wa tchana, umene Amwenye amati besan, ndinkangoukanya ndi madzi, kuthiramo tameriki ndi soda wodzaza supuni ngati ndikuphika therere, kenako n'kumavundukula mpoto kawirikawiri kuti ndione ngati wafufuma. Akanafufuma bwanji nthunzi ikuthawa?

Anandiwombola ndi mayi wina wachikulire wachigujarati amene ndinkagulako zokometsera ndiwo ku Limbe. Atamva nkhani ya galu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya sari yawo.

"Mwanangu, kwathu ku Surat zimenezo timati locho, zinthu zosokonekera," anatero. Ndipotu kumeneko kuli chakudya chotchedwa locho, chimene anthu amati chinabadwa pamene khaman wa munthu wina anachuluka madzi. Wangayo ngakhale ulemu umenewo sankayenera. "Madontho ofiirawo ndi tameriki wakumana ndi soda wambiri. Ufa usiye kaye, kayambe ndi chana dal yeniyeni, tchana chosenda."

Ndinanyika tchana chosenda chija maola 6, ndinachipera pamodzi ndi chambiko pang'ono, jinja ndi tsabola wamuwisi, koma osachisalalitsa kwambiri. Mtandawo ndinauvundikira n'kuugoneka pafupi ndi mbaula usiku wonse. M'mawa mwake ndinaupeza utatupa, uli ndi tithovu, ukununkhira kowawasa ngati thobwa logonera. Ndinathiramo mchere, tameriki wotapa ndi zala ziwiri ndi kasoda ka pansonga ya supuni, ndinatakasa, n'kukhuthulira m'mbale yachitsulo yopaka mafuta. Mbaleyo ndinaikhazika pakachitsulo m'kati mwa mpoto wa madzi owira kale. Mphindi 20 zinatsatirazo ndinakhalira manja anga enieni, kuopa kuti angakagwire chivundikiro.

Nditavundukula, nthunzi inandiphimba kumaso. Itabalalika, mayo ine! Tangoganizani dzuwa la m'mawa litakhala m'mbale. Khaman anali atakwera mpaka m'milomo mwa mbaleyo, wachikasu mbali zonse, wopanda dontho ndi limodzi lomwe. Ndinamudina ndi chala, iye n'kubwerera. Ndinabaya mpeni pakati, unatuluka uli mbee.

Chotsala chinali chimene eni ake amati vaghar, ndipo kwa ine apa ndiye pali ukwati wonse. Mafuta atatentha ndinaponyamo njere za mpiru, zinathetheka ngati chimanga cha mbuliwuli. Panatsatira chitowe, masamba a curry, tsabola wong'amba pakati ndi chokometsera chotchedwa hing pang'ono, kenako madzi a shuga ndi mandimu. Nditawazira pamwamba pa zidutswa zodula mwa makona anayi, zinamwa msuziwo mwakachetechete, timabowo tonse n'kudzaza. Pamwamba ndinamwazapo koliyanda ndi kokonati wopala. Chobiriwira, choyera, chachikasu, takuda ta mpiru tili waliwali. Munthu kuchita manyazi kudya.

Kale njerwa ija inkakhala masiku atatu pathebulo popanda woifunsa. Lero ndimayamba ndabisa zidutswa ziwiri za bambo a ana kuseri kwa chitini cha shuga, chifukwa mbale imatha tiyi asanawire. Ndinawapititsirako mayi aja ku Limbe. Analuma, anatafuna pang'onopang'ono, n'kunena kuti mchere wachepa, koma anatenganso chidutswa chachiwiri.

Galu uja masiku ano amakhala pakhomo la khitchini kugwedeza mchira. Sapatsidwa kanthu.