Chuku Chikalowa M'thupi la Mwana

Mayi wina wa ku Ching'ambo anandipeza ali ndi mwana kumbuyo, mwana amene m'kamwa mwake munali mbuu ndi zilonda zoyera kwa chaka chathunthu; ndipo ngakhale magazi awo onse awiri anayezedwa katatu osapezekamo kachilombo ka HIV, akuchimuna anali atagamula kale mlandu, ena akuti ndi mauka a mayiyo, ena akuti ndi chiwerewere chake. Funso lija la ophunzira a Yesu pa Yohane 9, loti anachimwa ndani, silinathe pakati pathu, ndipo ine, pokhala dokotala wa ana, latopetsa makutu anga.

Matendawa amadza ndi tizilombo ta mtundu wa chuku, abale ake a chija chimamera pa chimanga chosauma ndi pa zipupa zathu zachinyontho m'dzinja, timene tonsefe timapuma ndi kumeza tsiku ndi tsiku, asilikali a m'magazi napha tizilomboto ife osadziwa. Sindikana kuti kawirikawiri chofooketsa asilikaliwo ndicho HIV, kunyentchera, kubadwa masiku asanakwane kapena mankhwala a khansa. Koma alipo ana owerengeka amene amabadwa linga lawo lili ndi mpata, chifukwa cha majini. Sindikunena mizimu ija amatulutsa asing'anga, koma malangizo amene kholo limapatsira mwana, onga aja opereka msinkhu ndi khungu.

M'chaka cha 2009 madokotala anapeza kuti jini yotchedwa CARD9 inali yolumala m'banja lina la ku Iran, mmene Candida, chuku cha m'kamwa chija, chinkabwererabwerera, mwa ena nkufika ku ubongo. Mu 2013 anaipezanso kwa odwala a ku Algeria, Tunisia ndi Morocco, amene chipere wamba chinawaboola mpaka mkati mwa mnofu. Mverani tsono, inu oweruza: kuti mwana adwale motero, ayenera kulandira jini yolumalayo kwa mayi ndi kwa bambo omwe, onse awiri ali athanzi, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, nchifukwa chake zimachulukirapo pa ukwati wa pachisuweni.

Ngati ndi chimenechi chavuta mwana uja, atiuze ndi makina oyezera majini. Inu makolo, zilonda kapena zipere zikabwerera mwana atamwa mankhwala, makamaka mutu ukamuwawa ndi khosi kuuma, lekani mafuta ogula pamsika. Thamangani naye ku Mzuzu Central Hospital ndi buku lake, mukatchulenso abale amene anamwalira ali aang'ono. Bambo abwere nawo.